Manjawa ndiwaike pati? Zimene Seydou Keïta angaphunzitse wojambula wongoyamba kumene

Aliyense amene anagwirako kamera n'kuuza munthu kuti “taimani apo ndikujambuleni” akulidziwa funso limene limabwera pambuyo pake. Munthu uja amaima, amakonza kolala, amameza malovu, kenako amafunsa kuti: “Ndiime bwanji? Nanga manjawa ndiwaike pati?” Munthu yemweyo posachedwapa amaseka, amaloza uku ndi uku, thupi lonse lili pamtendere. Wangoona kamera basi, wauma gwa ngati mtengo wa magetsi. Ndipo wojambula wongoyamba kumene, amene watha masabata akuloweza mabatani a kamera yake, amapezeka kuti alibe yankho. Za kuwala waphunzira, za lenzi waphunzira, koma za munthu wamoyo amene waima patsogolo pake palibe anamuuza.

Mayankho okonzakonza alipo mbwee. Pa intaneti padzaza mavidiyo ndi mindandanda ya kaimidwe: ka akazi, ka amuna, ka anthu apabanja, ka ana. Dzanja m'chiuno, phazi limodzi patsogolo, chibwano pansi pang'ono, maso kumbali ngati munthu amene wakumbukira ngongole. Sindikuzinyoza zonsezi, zina n'zoona ndithu ndipo ndizitchula m'munsimu. Chimene chimandivuta n'chakuti mndandanda umayamba ndi kaimidwe, kenako n'kumasaka munthu woti alowemo, ngati telala amene wasoka kale malaya ndiye akuyendayenda kufunafuna thupi loti liwakwane. Mapeto ake mwawaona nokha pa zithunzi za chinkhoswe, za ukwati, za tsiku lomaliza maphunziro: anthu osiyanasiyana koma onse ataima ngati munthu mmodzi. Mayi wa zidzukulu amuimika ngati mtsikana wotsatsa mafuta odzola, iye nkhope ili ndwii chifukwa akudziwa kuti ameneyo si iye.

Ine maganizo anga ndi akuti amene akufuna kuphunzira kuimika anthu ayambe watseka mindandandayo, akhale pansi madzulo amodzi ndi zithunzi za Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Ndimabwerera kwa mkuluyu kawirikawiri, ndipo ulendo uliwonse ndimaona chinthu chimodzimodzi: kwa iye kaimidwe kanali mgwirizano wa anthu awiri. Munthu ankabwera akudziwa kale mmene akufunira kuoneka pamaso pa abale ake, ndipo ntchito ya wojambula inali kumuthandiza kuti thupi lake linene zimenezo momveka bwino.

Keïta anabadwira ku Bamako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, dzikolo likadali m'manja mwa Afalansa ndipo likutchedwa Soudan français. Bambo ake anali kalipentala, nayenso anayamba ndi matabwa omwewo. Mu 1935 amalume ake pochokera ku Senegal anamubweretsera kakamera ka Kodak Brownie, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo yake pabwalo la kwawo ku Bamako-Coura, pafupi ndi ndende yaikulu ya mzindawo, kamtunda pang'ono kuchokera pa siteshoni ya sitima yopita ku Dakar. Anthu a mumzinda ankabwera, apaulendo nawonso ankapatukira pomwepo. Situdiyoyi inagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mwini wake anasunga manegetivu masauzandemasauzande.

Tsono tamvani mmene ankajambulira, chifukwa phunziro loyamba lagona pamenepo. Kamera yake inali yaikulu, yoima pa miyendo itatu, ndipo negetivu iliyonse inali ya masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali. Chithunzi chimene kasitomala ankapita nacho kwawo chinali cha kukula komweko. Ankakonda kuwala kwa dzuwa, panja, nsalu atapachika pakhoma, ndipo nsalu yake yoyamba inali yoyala pabedi lake lomwe, ya mphonje m'mbali. Filimu inali yodula, choncho munthu mmodzi ankajambulidwa kamodzi basi. Panalibe zoti tijambule zambirimbiri tikasankhe kunyumba. Ndiye kuti ntchito yonse inkachitika chithunzi chisanajambulidwe: kukhazika munthu, kukonza mkanjo kuti ugwe bwino, kuyala zala, kutembenuza phewa, kudikira mpaka mtima wa munthuyo ukhale m'malo. Ife lero tili ndi mafoni amene amajambula zithunzi zambiri m'kuphethira kwa diso, ndipo mwayi umenewu watipatsa kaulesi kenakake. Timangodina, kudina, kudina, tikuyembekezera kuti mwa zambirizo chimodzi chituluka bwino mwangozi. Koma munthu amene waima moipa pa chithunzi choyamba amakhalabe ataima moipa pa chomaliza, kungoti pofika pamenepo watopa ndipo kumwetulira kwake kwauma.

Tiyambe ndi manja, poti funso lija ndi la manja. Pali chithunzi chake china chotchuka kwambiri, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, cha mnyamata wovala jekete loyera, tayi, mandala, cholembera chili m'thumba la pachifuwa, ndipo m'dzanja wanyamula duwa. Anthu ambiri akachiona amayamba kukamba za duwalo. Ine ndimati yang'anani zala. Sanalifumbate duwalo ngati mpini wa khasu. Walitsina mopepuka, zala zatambasuka pang'ono, dzanja lakwera kuyandikira nkhope, moti diso lako limayenda kuchoka pa duwa kupita pa maso ake n'kubwereranso. Chotsani duwalo m'maganizo mwanu, mutsitse dzanjalo lilendewere m'mbali, muona kuti mwatsala ndi mnyamata wamanyazi wovala jekete. Duwa lija lapatsa dzanja ntchito, ndipo dzanja likapeza ntchito nkhope imapuma.

Chifukwa chake n'chosavuta. Munthu akaima pa kamera maganizo ake onse amathamangira ku nkhope yake: mphuno yanga, mano anga, chipsera changa. Mukamupatsa kanthu kogwira, gawo lina la maganizowo limasamukira ku kanthuko, ndipo zala zimapinda zokha mmene zimapindira tsiku ndi tsiku. Keïta ankasunga zinthu zotere mu situdiyo mwake: mawotchi, zolembera, wailesi, telefoni, maluwa apulasitiki, masuti achizungu, njinga yamoto ya Vespa, ndiponso galimoto yake ya Peugeot 203. Pa chithunzi china cha amayi awiri ataima pa galimotoyo, mukayang'anitsitsa pa chitsulo chake chonyezimira mumamuona iye mwini ndi kamera yake. Pamene panalibe chogwira, ankayala manja pa mawondo kapena kusanjika limodzi pa linzake, mphete ndi zibangili zili poyera. Amayi a ku Bamako ankalipira kuti zimenezo zioneke, ndipo iye ankadziwa kuti chithunzi chobisa mphete ndi chithunzi chobwezedwa.

Chachiwiri ndi kutsamira. Muwerenge zithunzi zake muone ndi anthu angati amene aima chilili popanda chowachirikiza. Ndi ochepa. Uyu watsamira chigongono pa wailesi, uyo wagwira msana wa mpando, wina wakhala pa Vespa, wina wayedzamira galimoto. Thupi likatsamira, kulemera kwake kumapita mbali imodzi, phewa lina limatsika, chiuno chimapendekeka, khosi limapeza njira yake. Zonse zimene mindandanda ija imalamula chimodzichimodzi zimachitika zokha, mwa kachitidwe ka munthuyo. Komanso Keïta ankakonda kuimika munthu chammbali pang'ono, mapewa atayang'ana kwina nkhope itabwerera ku kamera, ndipo nthawi zina thupi lonse limadutsa m'chithunzimo mopendekeka kuchoka pa ngodya ina kupita pa inzake. Iye mwini ankanyadira kaimidwe kameneka ngati luso lake.

Kaimidwe kachammbalika kali ndi mbiri kumbuyo kwake. Keïta asanatsegule situdiyo, anthu a kumadzulo kwa Africa anali atajambulidwa kale kwambiri ndi alendo. François-Edmond Fortier, Mfalansa amene ankakhala ku Dakar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anasindikiza mapositikhadi ochuluka, ambiri a atsikana ali chifuwa pamtunda, pansi pake atalemba mtundu wa anthu m'malo mwa dzina. Ofufuza a atsamunda nawo ankaimika anthu molunjika kamera kenako chammbali kwenikweni, monga amachitira apolisi, kuti ayeze mphuno ndi chipumi. Kaimidwe kolunjika, mapewa ofanana, manja m'mbali, ndi kaimidwe ka munthu amene akuwerengedwa. Tonse timakadziwa pa chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena cha pasipoti, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amapachika chithunzi cha pasipoti pabalaza. Munthu wa Keïta akatembenuza phewa n'kukuyang'ana, amaoneka ngati anali ndi zochita zake ndipo walola kuti umuone. Kusiyana kwake ndi masentimita ochepa chabe a phewa, koma mwini chithunzi wasintha.

Apa ndi pamene ndigwirizane ndi mindandanda ija, chifukwa pali zinthu zingapo zimene ndi nkhani ya galasi ndi kuwala basi, ndipo wongoyamba ayenera kuzidziwa. Chilichonse chimene chayandikira lenzi chimaoneka chachikulu. Munthu akakhala pampando mawondo atalozetsa ku kamera, mawondowo amakula kuposa mutu. Mutembenuzeni miyendo iloze kumbali. Lenzi ya foni imaona dera lalikulu, choncho mukayandikira kwambiri mphuno imatupa ndipo makutu amathawira kumbuyo. Bwererani masitepe awiri kapena atatu. N'chifukwa chake ojambula nkhope amakonda lenzi zotalikirapo, monga ya mamilimita 85. Mapewa olunjika kamera amaoneka otambalala kwambiri. Mkono wopanikizidwa ku nthiti umafutukuka, pamene kampata kakang'ono pakati pa mkono ndi thupi kamaonetsa chiuno. Chibwano chikapita patsogolo pang'ono n'kutsika pang'ono, nsagwada zimaoneka bwino. Kamera ikakhala pamwamba pa munthu imamuchepetsa, ndiye ngati agogo akhala pampando, gwadani inuyo kuti lenzi ifanane ndi maso awo. Dzuwa la masana limakumba maenje amdima m'maso, pamene mthunzi wa pakhonde umafewetsa nkhope. Zimenezi mungaziloweze tsiku limodzi. Zimakuuzani zoyenera kupewa, koma sizikuuzani kuti munthu uyu, lero, aime bwanji.

Yankho la funso limenelo ndimaliona pa chithunzi cha mayi wogona chammbali pabedi, cha m'ma 1950 momwemo. Wavala diresi la maluwamaluwa ndi duku, pansi pake pali bulangeti la mabokosi akuda ndi oyera ngati bolodi la dirafuti, kumbuyo kuli nsalu ya mizere yopotanapotana. Buku lililonse lophunzitsa kujambula lingakuuzeni kuti musachite zimenezi, kuti chovala cha maluwa chimafuna khoma lopanda kanthu. Keïta anaunjika nsalu pa nsalu, ndipo chimene chinachitika n'chakuti malo okhawo odekha m'chithunzi chonsecho ndi khungu la mayiyo: nkhope, khosi, mikono. Diso likatopa ndi phokoso la nsalu limakapumira pa nkhope yake. Ndipo taonani kagonedwe kake. Watsamira mkono umodzi, wina wangougoneka momasuka, maso ali pa ife mopanda mantha, mopandanso kutikopa. Wagona ngati munthu amene ali m'nyumba mwake.

Olemba ena a ku Ulaya amakonda kuchitchula chithunzichi kuti odalisque, dzina lochokera ku zojambula zawo zapenti, monga chija cha Ingres cha mu 1814 cha mkazi wamaliseche atagona pa kama. Ine dzina limeneli limandinyansa. Mkazi wa Ingres anapentedwa kuti amuna amuonere, ndipo analibe chonena pa za kagonedwe kake. Mayi wa ku Bamakoyu anasankha diresi, anamanga duku, anayenda wapansi kapena kukwera chokwera, analipira ndalama yake kapena ya banja lake, ndipo chithunzicho anapita nacho. Kagonedwe kangafanane, koma kuwapatsa dzina limodzi ndi kuiwala funso lofunika kwambiri pa chithunzi cha munthu: anapempha ndani, ndipo chikupita kwa yani? Wongoyamba kujambula amene amakopera kaimidwe pa intaneti amagwa m'mbuna yomweyi. Amatenga kaimidwe kamene kanapangidwira kugulitsa zovala kapena mowa n'kukaveka mlongo wake, osadzifunsa kuti kaimidweko kakunena chiyani kwa apongozi amene adzachione pakhoma.

Palinso nkhani ya kumwetulira. Anthu ambiri a Keïta samwetulira. Nkhope zawo zili phee, zaulemu, ngati munthu amene wavala bwino ndipo akudziwa. N'chifukwa chake chithunzi chija cha bambo wamkulu thupi, chimunthu chodzaza mpando, atavala mkanjo wotambalala ndipo atanyamula kakhanda pamwendo, chimakugwira mtima. Bamboyo akusekerera ndithu, ndipo kusekererako kuli ndi chifukwa chimene tonse tikuchiona: kamwana kali m'manja mwakemo. Palibe anamulamula kuti aonetse mano. Wojambula anangomupatsa mwana wake n'kudikira. Ife timafuula kuti “sekani, sekani!” kwa anthu amene alibe choseka, ndiye timadabwa kuti zithunzi zikutuluka ngati za munthu amene waponda minga koma akuopa kulira pagulu. Kumwetulira kukhale ndi gwero lake. Ngati kulibe, nkhope yodekha ndi yokongola kale.

Kuti muone bwino njira ya Keïta, muiike pambali pa njira ya akatswiri ena awiri. Pa 30 Disembala 1941, ku Ottawa, Yousuf Karsh anapatsidwa mphindi zochepa kuti ajambule Winston Churchill atangomaliza kulankhula ku Nyumba ya Malamulo ya Canada. Churchill sankafuna kusiya ndudu yake yaikulu ija, ndiye Karsh anangopita n'kumuzula pakamwa. Nkhope yolusa imene inatsatira ndi imene ili pa ndalama yapepala ya mapaundi 5 ya ku England kuyambira mu 2016. Richard Avedon naye, mu 1957, pojambula Duke ndi Duchess of Windsor, amene anali akatswiri pomwetulira pa kamera, akuti anawanamiza kuti takisi imene anakwera yagunda galu panjira. Awiriwo ankakonda agalu, nkhope zawo zinagwa, iye n'kujambula pomwepo. Nkhani ziwirizi zimakambidwa kwambiri kwa ophunzira, ndipo zimakoma kumva. Zithunzizonso n'zamphamvu, sindingakane.

Koma taganizani amene ankalipira. Karsh ndi Avedon ankajambulira dziko, magazini, anthu oonera. Ojambulidwawo anali anthu amphamvu amene anazolowera kuvala nkhope yonamizira, ndipo kuwavula nkhopeyo kunali ndi phindu lake. Keïta ankajambulira munthu amene wakhala pampandoyo. Kasitomala akakhumudwa, mawa sabweranso, ndipo msika wonse umva. Wongoyamba kujambula, ndikuuzeni, ali m'gulu la Keïta. Anthu anu oyamba ndi mayi anu, mnzanu wa kutchalitchi, mwana wa aneba amene wakhoza mayeso. Amenewa alibe nkhope yonamizira yoti muwavule. Ali ndi manyazi, ndipo akukupatsani thupi lawo mwachikhulupiriro. Kuchita nawo za Avedon ndi nkhanza chabe yovala malaya a luso.

Tsopano pali chitsutso chimene sindingachizembe. Wina anena kuti: nanga si bodza limenelo? Wotchi yobwereka, suti yobwereka, njinga yamoto ya eni ake, mnyamata amene mwina analibe ngakhale njinga yakapalasa. Mukaona zithunzi zambiri motsatizana mumayamba kuzindikira wailesi yomweyo, jekete lomwelo, pa anthu osiyanasiyana. Yankho langa ndi lakuti aliyense ku Bamako ankadziwa kuti Vespa ndi ya situdiyo, monga mmene tonse timadziwira kuti suti ya mkwati nthawi zambiri ndi yahayala. Palibe ankanamizidwa. Chithunzicho chinkanena zimene munthuyo ankalakalaka m'zaka zija mzinda ukukula, dziko likuyandikira ufulu wake wa mu 1960, ndipo chilakolako cha munthu ndi mbali ya choonadi chake. Chimene mnyamata wasankha pakati pa cholembera ndi njinga yamoto chikukuuzani kale kuti ndi munthu wotani.

Komabe si zithunzi zonse za Keïta zimene zimandigwira mofanana, ndipo wophunzira aone zofookazo bwino lomwe. Pali zina zimene katundu wagonjetsa munthu: wailesi ndiyo yakhala mwini chithunzi, munthu wangokhala mlonda wake, dzanja ataliika pamwamba pake mwaulemu ngati akuopa kuiswa. Pali zina za magulu zimene anthu angondandalikidwa, aatali kumbuyo aafupi patsogolo, ngati wina aliyense akanatha. Ndipo nayenso anali ndi mndandanda wake, poti ankaonetsa makasitomala zithunzi zakale kuti asankhe kaimidwe kamene akakonda. Kusiyana kwake n'kwakuti zitsanzozo zinali za anthu a mumzinda womwewo, ovala mikanjo ndi maduku omwewo, okhala pansi mmene anthu a kumeneko amakhalira, ndipo wosankha anali kasitomala. Pamene kaimidwe kosankhidwako kakumana ndi munthu woyenera, chithunzi chimapuma. Pamene sikanamukwane, Keïta yemweyo amatulutsa chithunzi chouma. Luso lake silinali m'kaimidwe ayi, linali m'diso loona kuti ichi chamukhala, ichi sichinamukhale.

Ife amene tinakulira m'nyumba zokhala ndi alubamu zimenezi sizachilendo. Tsegulani alubamu ya makolo anu muone: achimwene atagwira telefoni yopanda waya, azakhali ataima pambali pa maluwa apulasitiki, malume atanyamula wailesi ya makaseti paphewa, wina atagwada bondo limodzi pa kapinga. Kumudzi wojambula ankabwera pa njinga, anthu ankathamangira kukasamba ndi kudzola, ndipo chithunzi chinkabwera patapita masabata chikatsukidwa m'tauni. Anthu amenewo sankafunsa kuti manja awaike pati, chifukwa ankabwera atakonzeka, ali ndi chonena. Tinazolowera kuziseka zithunzi zimenezi kuti n'zachimidzi. Koma mwambo wake ndi womwewo umene ku Bamako unabala Keïta ndi mnzake wamng'ono Malick Sidibé, amene mu 2007 analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice Biennale chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Sidibé anafika mpaka pojambula amayi atafulatira kamera, ndipo msana, duku ndi kakhalidwe zinkakwanira kukuuza kuti munthuyu ndi wotani.

Chotsala ndi pakamwa, chifukwa kuimika munthu ndi kulankhula naye. Mawu akuti “masukani” sanamasulepo munthu. Nenani chinthu chimodzi chooneka, chimene thupi lingachite: “Amayi, tatsamirani pampandopo ngati mukudikira tiyi.” “Achimwene, phewa ili libwere kuno pang'ono, eya, pomwepo.” Onetsani ndi thupi lanu m'malo mogwira la eni ake, ndipo ngati pafunika kukonza kolala kapena duku, pemphani kaye, makamaka kwa akuluakulu ndi kwa akazi a eni. Kumbukiraninso kuti ambiri a ife tinaleredwa kuti kuyang'ana munthu wamkulu m'maso ndi mwano, choncho mwana kapena mtsikana amene akugwetsa maso sikuti akukanika kujambulitsa. Muuzeni ayang'ane pansi, apume, kenako adzutse maso mukawerenga kufika pa 3. Musamayang'ane kagalasi ka kamera n'kukwinya nkhope, munthuyo amaganiza kuti cholakwika ndi iye. Ndipo kaimidwe kakakanika, musanene kuti “ayi, sizinakhale bwino.” Ingonenani kuti “tiyesenso china,” cholakwacho chikhale chanu.

Nkhani ya Keïta ili ndi mathero amene wojambula aliyense ayenera kuwadziwa. Mu 1962 boma latsopano la Mali linamulemba ntchito yojambulira boma, posakhalitsa situdiyo inatsekedwa, ndipo anapuma pa ntchito mu 1977. Mu 1991, pa chionetsero cha Africa Explores ku New York, zithunzi zake zingapo zinapachikidwa pakhoma atalemba kuti wojambula wake ndi wosadziwika. André Magnin anapita ku Bamako kukamufufuza m'malo mwa Jean Pigozzi, wosonkhanitsa zaluso, ndipo anali Sidibé amene anazizindikira kuti ndi ntchito ya Keïta. Mu 1994 zinaonetsedwa ku Fondation Cartier ku Paris, mu 1997 ku Gagosian ku New York, ndipo mu 2016, patatha zaka 15 chimwalirireni mwini wake ku Paris mu 2001, zinadzaza Grand Palais. Dzina la wojambula linabwerera. Mayina a ojambulidwa ambiri sanabwerere, chifukwa iye sankawalemba, ndipo lero pansi pa nkhope zawo pamangolembedwa kuti chithunzi chilibe mutu. Tizithunzi tija tokwana m'envelopu tinakuzidwa mpaka zina kutalika kuposa mita, n'kumagulitsidwa ndalama zimene eni nkhopezo sakanazilota.

Ndimakondwa kuti tikuziona, apo ayi nkhani ino sikanalembedwa. Koma mgwirizano uja wa anthu awiri sunaphatikizepo khoma la ku Paris. Mayi uja anagona pa bulangeti lija chifukwa cha anthu amene iye ankawadziwa. Lero ulendo wotere sutenga zaka 40, umatenga mphindi imodzi: mwajambula, mwaika pa Facebook, chafika kwa anthu amene mwini wake sanawaganizire. Choncho funso lakuti “chithunzichi chikupita kuti?” ndi gawo la kuimika munthu, ndipo lifunsidwe kamera isanatuluke m'chikwama. Cha pakhoma la pabalaza, cha kwa bwenzi, chofunsira ntchito, chotumiza kwa ana ku Johannesburg, chilichonse chili ndi kaimidwe kake, ndipo mwini wake amakadziwa kuposa inu. Lembaninso dzina lake ndi tsiku.

Kwa amene akufuna poyambira, ndingapereke ntchito iyi. Pezani munthu mmodzi amene mumamudziwa, mumuuze dzulo lake kuti avale chimene iye akufuna ndipo abwere ndi chinthu chimodzi chimene amachikonda: Baibulo, gitala, lumo la ntchito yake, mpira, mdzukulu. Pachikani chitenje pakhonde pamene pali mthunzi, ikani mpando. Dziuzeni kuti muli ndi chithunzi chimodzi chokha, ngati kuti filimu ndi ya ngongole. Chezani naye kaye kamera ili pansi, muone mmene amakhalira akaiwala za inu: mbali imene amatsamira, kumene manja ake amapita okha, mmene amapendeketsera mutu akamamvetsera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona kakhalidwe kamene kali kake, muuzeni kuti “mmene munakhalira muja, tabwerezani,” konzani zala, bwezani phewa pang'ono, yang'anani m'mbali zonse za chithunzi, ndiye mudine kamodzi. Kenako mupatseni aone, ndipo mumvetsere bwino chimene anene poyamba.